Cape Town ndi ntchito yochoka pa malasha: momwe zikuyendera, 2021 mpaka 2025

Disembala 2021

Chaka chino khonsolo ya mzinda wa Cape Town, ku South Africa, yavomereza ndondomeko yake yothana ndi kusintha kwa nyengo, pamodzi ndi chikalata china chotchula ntchito zoyenera kugwiridwa. Cholinga chachikulu nchakuti pofika 2050 mpweya woipa umene mzindawu umatulutsa ukhale utatsika kwambiri, wotsalawo uzilingana ndi umene ukuchotsedwa mumlengalenga. Palinso lonjezo lapafupi, lakuti nyumba zatsopano zomangidwa kuyambira 2030 zisamawonjezere mpweyawo. Ife amene timadyera pa mawaya ndi mapanelo a sola tagwirizana kuti tizilemba zimene zikuchitikadi, ndipo cholembera andipatsa ine.

Anthu a kuno safunika kuwanyengerera kuti akhulupirire kuti nyengo yasintha. Kuyambira pa 1 Febuluwale 2018 aliyense ankaloledwa malita 50 okha a madzi patsiku, damu la Theewaterskloof litasanduka bwalo la fumbi ndi zitsa za mitengo. Madzi osamba tinkawasunga m'ndowa kuti tithire m'chimbudzi. Chimene ambiri sachiganizira ndi kumene magetsi athu amachokera. Mzindawu unasiya kuwotcha malasha pa siteshoni yake ya Athlone mu 2003, ndipo nsanja zake ziwiri zija anazigwetsa mu 2010, koma malasha sanatisiye. Khonsolo imagula pafupifupi magetsi ake onse kwa Eskom, kampani ya boma yopanga magetsi, ndipo ambiri a magetsi a Eskom amapangidwa ndi malasha ku Mpumalanga, mtunda woposa makilomita 1,000 kuchokera pano. Utsi umagwera ana a kumeneko, nyale nkumayaka kuno.

Kwa zaka zambiri lamulo linkamanga khonsolo manja. Mu 2017 inapita kukhoti kukapempha ufulu wogula magetsi kwa makampani ena, nkhani nkukhala zaka zitatu osatha bwino. Mu Okutobala 2020 nduna ya zamphamvu, a Gwede Mantashe, inasintha malamulo kuti makhonsolo amene chuma chawo chili bwino azitha kudzipangira kapena kugula magetsi. Mu Ogasiti chaka chino malire a magetsi amene munthu angapange popanda laisensi akwezedwa kuchoka pa megawati imodzi kufika pa 100. Meya watsopano, a Geordin Hill-Lewis, alowa mu ofesi mwezi wathawu akulonjeza kuthetsa kuthimathima kwa magetsi mumzinda muno.

M'zolembazi tizifunsa zinthu zitatu. Ndi mamegawati angati amene alowadi m'mawaya? Kugombe kwachitika chiyani? Nanga phindu lake likufika pakhomo pa yani?

Febuluwale 2022

Khonsolo yatulutsa tenda yoitana makampani opanga magetsi, makamaka a dzuwa, kuti aziigulitsa. Chofunika pa tendayi nchakuti makinawo alumikizidwe pa mawaya a khonsolo eniake, mkati mwa mzinda. Tenda si magetsi ayi. Pakati pa pepala ndi nyale pali kuwunika mitengo, kupeza malo, zilolezo za zachilengedwe, ngongole za kubanki, kenako kumanga. Tiyembekezere zaka.

Julayi 2022

Kumapeto kwa Juni dziko lonse linafika pa siteji 6, ogwira ntchito ku Eskom atanyanyala. Siteji iliyonse imatanthauza mamegawati 1,000 ochotsedwa m'dziko lonse, choncho pa siteji 6 nyumba imakhala mumdima kangapo patsiku. Makasitomala a khonsolo akhala akupulumukako siteji imodzi, nthawi zina ziwiri, ndipo chowapulumutsa ndi makina akale amene ali m'phiri pamwamba pa Gordon's Bay.

Siteshoni ya Steenbras inayamba kugwira ntchito mu 1979. Ili ndi makina anayi a mamegawati 45, onse pamodzi 180. Pali damu lakumtunda ndi lina lakumunsi. Usiku, anthu akagona magetsi nkutsika mtengo, makinawo amapopa madzi kukweza kumtunda. Masana ndi madzulo, magetsi akachepa, amatsegula madzi aja kuti atsike akupukusa makina omwewo. Ndi nkhokwe ya magetsi: simalima, imangosunga zimene mwaikamo, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi limatayika panjira. Ndikunena izi chifukwa ndamva anzathu ena akuwerengera Steenbras ngati magetsi oyera. Pakadali pano madzi ake amakwezedwa ndi magetsi a malasha. Adzayera tsiku limene tidzapope masana ndi magetsi a dzuwa otsala, nkuwatsitsa madzulo anthu akamaphika. Tsiku limenelo likadzafika, palibe chinthu cha mtengo wapatali chimene mzindawu udzakhale nacho kuposa madamu awiri amenewa.

Koma chitetezochi sichifika paliponse. Madera ena a mzindawu, monga Khayelitsha ndi Table View, amalandira magetsi mwachindunji kuchokera kwa Eskom. Kumeneko siteji 6 ndi siteji 6 basi. Munthu wa ku Khayelitsha amakhala mumzinda womwewu, amavotera khonsolo yomweyi, koma madzi a Steenbras akamatsika samuyatsira nyale.

Pa 25 Julayi Pulezidenti Cyril Ramaphosa alengeza kuti malire a mamegawati 100 aja achotsedweratu.

Disembala 2022

Boma latulutsa zotsatira za gawo lachisanu ndi chimodzi la pulogalamu yake yogula magetsi ongowonjezereka, monga a mphepo ndi dzuwa. Linkafuna mamegawati 3,200 a mphepo, koma palibe ngakhale kampani imodzi ya mphepo imene yapatsidwa ntchito. Chifukwa chake ndi mawaya akuluakulu onyamula magetsi: ku Western Cape, Eastern Cape ndi Northern Cape, kumene kuli mphepo ndi dzuwa lochuluka, mawayawo adzaza. Apa mpamene nzeru yolumikiza makina mkati mwa mzinda yaonekera. Chomvetsa chisoni nchakuti mphepo ya kuno sinagwiritsidwebe ntchito mokwanira ndi khonsolo, ngakhale inayamba kale kugula magetsi ku Darling, kumene makina anayi, onse pamodzi a mamegawati 5.2, anayamba kuzungulira mu 2008.

Malichi 2023

Ntchito yatichulukira kuposa kale lonse. Foni ikulira usiku ndi usana, ndipo mabatire akusowa m'mashopu. Mu Januwale khonsolo inalengeza kuti Unduna wa Zachuma waipatsa chilolezo cholipira ndalama zenizeni kwa amene akubweza magetsi m'mawaya ake. Kale ankangokuchotserako pa bilu. Ayamba ndi mabizinesi, eni nyumba adzatsatira. Pamwamba pa mtengo wovomerezeka khonsolo ikuwonjezera masenti 25 pa yuniti iliyonse. Boma nalo, mu bajeti ya Febuluwale, lati munthu wogula mapanelo atsopano chaka chino abwezeredwa 25 peresenti ya mtengo wake kudzera pa msonkho, osapitirira R15,000.

Anzanga amene mwangoyamba kumene ntchitoyi, denga la m'mbali mwa nyanja lili ndi malamulo ake. Sabata yathayi tinakwera pa nyumba ina yoyang'anana ndi False Bay kukakonza mapanelo amene anthu ena anaika zaka zingapo zapitazo. Mapanelowo anali abwinobwino. Vuto linali pansi pake. Anamanga ndi mabawuti wamba, ndipo mchere wa m'mphepo unawadya mpaka mutu wa bawuti ukumathothoka ukangougwira ndi sipanala, dzimbiri likuyoyoka ngati ufa. Pamene chitsulo chinakhudzana ndi aluminiyamu panali patayera ndi kutupa. Panelo imodzi inatsala ikugwiridwa ndi mabawuti awiri, pamalo pamene mphepo ya chilimwe, imene kuno amaitcha Cape Doctor, imawomba masiku angapo osapuma. Ikanauluka ikanagwera pabwalo pamene ana amasewera. Gwiritsani ntchito mabawuti osachita dzimbiri, ikani chotchinga pakati pa zitsulo zosiyana, mangani mfundo zonse za mawaya kuti chinyezi chisalowe, ndipo muuzeni mwini nyumba kuti galasi lizitsukidwa, chifukwa mchere ukauma pamwamba umachepetsa magetsi.

Chachiwiri ndi kulembetsa. Makasitomala ena amatinyengerera kuti tingoika basi, za mapepala zisiyeni. Tisalole. Inveta, chipangizo chosintha magetsi a mapanelo kuti agwire ntchito m'nyumba, iyenera kukhala ya pa mndandanda wovomerezeka ndi khonsolo, yokwaniritsa muyezo wa NRS 097-2-1, ndipo chachikulu pa muyezowu nchakuti magetsi a mumsewu akangothima, inveta isiye pomwepo kutumiza magetsi kunja. Ikapanda kutero, munthu amene wakwera pa pholo akudziwa kuti wazimitsa chingwe amagwira waya wamoyo. Munthu ameneyo ndi mnzathu pantchito, ali ndi ana ngati ife.

Chachitatu, tiziwauza makasitomala zoona za nyengo ya kuno. Mapanelo amayang'ana kumpoto, ndipo m'chilimwe amabereka mpaka kutsala. Koma mvula ya Cape Town imagwa m'nyengo yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, masana nkukhala afupi ndi a mitambo. Nthawi yomweyo ndi imene anthu amayatsa zotenthetsera ndi magiza, makamaka dzuwa litalowa. Amene akulonjeza kasitomala kuti achoka pa mawaya a khonsolo ndi mapanelo ochepa komanso batire imodzi akumunamiza.

Julayi 2023

Magetsi akwera mtengo. Eskom inaloledwa kukweza ndi 18.65 peresenti kuyambira Epulo, ndipo makasitomala a makhonsolo ayamba kumva ululu wake pa 1 Julayi. Ndikufuna ndikhalitse pa nkhani imeneyi, chifukwa ndi imene imandisowetsa tulo kuposa zonse.

Khonsolo imagula magetsi mopikula nkugulitsa. Ndalama zambiri zimene imatolera zimabwerera kwa Eskom, ndipo zotsalazo ndi zimene zimakonza mathiransifoma, kulipira amisiri, ndi kupereka mayuniti aulere kwa mabanja osauka. Amene amagula mayuniti ambiri pa mtengo wokwera ndiwo amanyamula gawo lalikulu la katunduyu. Tsopano anthu omwewo ndi amene tikuwaikira mapanelo. Nyumba imene inkagula magetsi ambiri mwezi uliwonse lero ikugula pang'ono, koma waya wopita pakhomopo ukufunikabe kusamalidwa, ndipo madzulo a Julayi batire ikatha amabwerera kudzatunga pamene aliyense akutunga. Ndalama zikachepa, mtengo wa yuniti umakwera, ndipo umakwerera amene alibe kothawira.

Ndi ndani amene alibe kothawira? Aliyense amene denga si lake. Ambiri a ife amene timakwera madenga a anthu masana, madzulo timabwerera ku chipinda cha lendi kuseri kwa nyumba ya munthu wina. Ndinayitanidwa kukaona magetsi pa bwalo lina lotere. Kuchokera pa soketi imodzi ya m'khitchini ya alandilodi panatuluka chingwe chodutsa pawindo, kuyenda pamwamba pa mpanda, nkugawikira zisakasa zitatu. Polumikiza anakulunga ndi pulasitiki ya shuga. Chingwecho chinali chofunda m'manja. Mayi wina wa m'chisakasa chakumapeto anandiuza kuti, "Achimwene, ketulo ndimayatsa anzangawa akamaliza kuphika, apo ayi zonse zimathima." Mayiwa amalipira alandilodi ndalama ya magetsi mwezi uliwonse, koma alibe mita yawoyawo, choncho mayuniti aulere sawafika, ndipo chifukwa mabanja anayi akugula pa mita imodzi, mitayo imakwera msanga kufika pa mtengo wa ogwiritsa ntchito magetsi ambiri. Wosaukitsitsa ndiye akugula yuniti yodula. Magetsi akathima amayatsa kandulo kapena chitofu cha palafini m'nyumba ya matabwa ndi malata. Tonse tikukumbukira moto wa ku Imizamo Yethu mu Malichi 2017, umene unasiya anthu pafupifupi 15,000 opanda pogona.

Sindikunena kuti pulogalamu yogula magetsi a padenga ndi yolakwika. Yuniti iliyonse yochokera padenga ndi malasha amene sanawotchedwe, ndipo khonsolo imaigula motchipa kuposa ya Eskom ya nthawi zina. Ndikunena kuti pulogalamuyi payokha imathandiza amene ali kale ndi denga, ndalama zogulira zipangizo, ndi zogulira mita yowerenga mbali ziwiri. Njira yofikira enawo mzindawu unaiyesapo kale. Ku Kuyasa, ku Khayelitsha, nyumba zoposa 2,300 zinaikidwa magiza a dzuwa, siling'i yosunga kutentha ndi mababu osadya magetsi. Ntchitoyi inalembetsedwa mu 2005 ngati yoyamba mu Africa pansi pa ndondomeko ya United Nations yogulitsa mpweya wopewedwa, ndipo ambiri oika zipangizozo anali anthu a m'deralo. Siling'i si chinthu chodabwitsa, koma nyumba ya malata yopanda siling'i imadontha mame m'nyengo yozizira, ana nkumatsokomola. Ntchito ngati imeneyi siimveka pa wailesi monga mamegawati amamvekera, komabe ndi imene imasintha moyo wa munthu mwezi womwewo.

Seputembala 2023

Mwezi uno nyanja yatikumbutsa kuti ndondomekoyi ili ndi mbali yachiwiri. Pa 16 Seputembala mafunde aakulu anakumana ndi nthawi imene nyanja imadzaza kwambiri. Ku Gordon's Bay madzi analumpha khoma nkukankha magalimoto mumsewu. Ku Kalk Bay anaswa mawindo a malo odyera a pagombe. Patangotha sabata, pa 24 ndi 25, kunagwa chimvula chimene chinagumula msewu wa Clarence Drive ndi kudula msewu wa N2 ku Botrivier.

Khonsolo imayang'anira gombe la makilomita 307. Akatswiri a IPCC, gulu la United Nations lowunika za kusintha kwa nyengo, amati nyanja padziko lonse inakwera masentimita pafupifupi 20 pakati pa 1901 ndi 2018, ndipo liwiro lake likuwonjezeka: kuyambira 2006 mpaka 2018 inkakwera mamilimita 3.7 pachaka. Munthu akamva mamilimita amaseka, koma funde la namondwe limayambira pamwamba pa masentimita amenewo, ndipo khoma limene linamangidwa kulingana ndi nyanja ya makolo athu limapezeka lafupika.

Ntchito ikuchitika m'njira ziwiri. Pamene nyumba ndi misewu zinafika kale m'mphepete mwa madzi, monga ku Strand, akumanga khoma la konkire chigawo ndi chigawo. Pamene mpata ulipo akubwezeretsa milu ya mchenga. Ku Hout Bay ndinaima nthawi yaitali ndikuyang'ana momwe amachitira: amazika mizere ya maukonde otchinga mphepo, mchenga wouluka nkumaunjikana kuseri kwake, kenako amadzala zomera za m'mphepete mwa nyanja kuti mizu igwire muluwo. Ogwira ntchitoyi ndi anthu a m'madera oyandikana nawo, ndipo zida zawo ndi fosholo, mitengo yozika ndi mapaipi othirira. Mulu wa mchenga namondwe akaudya umadzimanganso, pamene khoma likang'ambika limafuna mamiliyoni. Kwa ine, paliponse pamene tingasankhe, tisankhe mchenga, ndipo khonsolo ilimbe mtima pokana zomanga zatsopano kutsogolo kwa mzere umene inajambula m'mbali mwa gombe, ngakhale wopemphayo atakhala ndi ndalama zotani.

Pali chinthu china chimene chimalumikiza magetsi ndi gombe. Zonyansa za m'zimbudzi za mzindawu zimayenda ndi mapampu mazanamazana, ambiri ali m'malo otsika. Magetsi akathima nthawi yaitali mapampuwo amaima, zonyansa nkusefukira m'madambo ndi m'nyanja. Khonsolo yakhala ikuika majenereta ndi mabatire pa masiteshoni amenewa. Majenereta ndi a dizilo, inde, koma pa ichi chokha sinditsutsa.

Disembala 2023

Chaka choipitsitsa m'mbiri ya kuthimathima: masiku oposa 300 magetsi akhala akuzimitsidwa. Khonsolo yavomereza ndondomeko ya zamphamvu yofika 2050, ndipo cholinga chapafupi nchakuti pofika 2026 makasitomala ake atetezedwe ku masiteji anayi oyamba. Kuyambira Okutobala makina onse a sola ndi mabatire olumikizidwa ku mawaya a m'nyumba akuwerengedwa ngati olumikizidwa ku mawaya a khonsolo, ndipo ayenera kulembetsedwa motero. Pali pulogalamu ya Power Heroes, yoti magiza a anthu ofuna azizimitsidwa chapatali nthawi imene magetsi akufunidwa kwambiri, komanso kuyesa kulola kampani ina kugulitsa magetsi kwa inzake kudzera pa mawaya a khonsolo. Magetsi a tenda ya 2022 ija sanayambe kulowa. Mamegawati amene awonjezekadi chaka chino ndi a padenga, ogulidwa ndi ndalama za anthu eniake chifukwa chotopa ndi mdima.

Meyi 2024

Kuyambira pa 26 Malichi magetsi sanathimenso. Tikuthokoza, chifukwa ana akuwerenga madzulo ndipo nyama sikuwola m'mafiriji. Koma foni zathu zakhala chete. Anzathu ena amene anasiya ntchito zina nkulowa za sola chaka chatha ayamba kubwerera kumene anachokera.

Izi zaulula chimene chinkakankha ntchitoyi. Anthu ambiri, ndi atsogoleri omwe, ankathamanga chifukwa cha mdima. Kusintha kwa nyengo kunali kukwera nawo chabe. Ndipo magetsi akhazikika pa zifukwa ziwiri zosiyana kwambiri: mapanelo a padenga m'dziko lonse, amene Eskom ikuyerekeza kuti apitirira mamegawati 5,000, achepetsa katundu wa masana, komanso masiteshoni a malasha akonzedwa ndipo akuwotcha bwino kuposa chaka chatha. Chifukwa chachiwirichi chikutanthauza utsi wochuluka. Choncho mayeso enieni a ndondomeko ya 2021 ayamba tsopano, pamene palibenso wovota amene akukalipa chifukwa cha mdima. Bajeti ikamapitiriza kuika ndalama pa mabatire, pa kukonzanso Steenbras ndi pa mawaya olimba m'chaka chopanda kuthimathima, tidzadziwa kuti lonjezo la 2050 linali lochokera pansi pa mtima.

Julayi 2024

Namondwe wotsatizana kwa masiku ambiri. M'madera a zisakasa a ku Cape Flats, kumene madzi a pansi ali pafupi kwambiri ndi nthaka, anthu zikwizikwi agona m'madzi. Kumeneko madzi sadikira kudontha padenga, amatumphuka pansi. Kusintha kwa nyengo mumzinda uno kumafika poyamba pa mabanja amene sanathandizepo kukuyambitsa.

Mwezi womwewu makina oyamba a siteshoni ya nyukiliya ya Koeberg, imene ili pagombe kumpoto kwa mzinda ndipo inayamba mu 1984, apatsidwa chilolezo chogwira ntchito zaka zina 20. Pulezidenti wasainanso lamulo la dziko lonse la kusintha kwa nyengo, limene likukakamiza makhonsolo akuluakulu kuwunika ziopsezo za m'madera awo ndi kukonza mayankho. Cape Town inayamba kale, koma lamuloli likadzayamba kugwira ntchito udzakhala udindo wa lamulo umene nzika ingathe kuufunsa.

Okutobala 2024

Ntchito yomanga yayamba ku Atlantis. Aka nkoyamba kuti khonsolo imange munda wakewake waukulu wa mapanelo: mamegawati 7, ndalama pafupifupi R200 miliyoni, ndi malo oti udzakule kufika pa 10. Pakonzedwanso zoti pambali pake paikidwe mabatire.

Tinene zoona za kukula kwake. Mzindawu nthawi imene ukufuna magetsi kwambiri umayandikira mamegawati 2,000. Ku Atlantis komweko kuli siteshoni ya Eskom ya Ankerlig, yowotcha dizilo, ya mamegawati oposa 1,300. Pakati pa ziwerengero zimenezi 7 ndi kadontho. Komabe ndikuiona ngati nkhani yofunika kwambiri chaka chino, chifukwa khonsolo imene yakhala zaka makumi awiri ikungogula ndi kugulitsa iyenera kuphunziranso kupanga. Iphunzire kulemba mgwirizano ndi womanga, kusunga amisiri otsuka ndi kukonza, kulondera malo kuti akuba asadule makebulo, kudziwa zochita mitambo ikaphimba dzuwa mwadzidzidzi. Zimenezi ndi bwino kuziphunzira pa mamegawati 7 kusiyana ndi pa 70.

Malonso anasankhidwa bwino. Atlantis inamangidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi boma la tsankho, kutali ndi mzinda, ndipo mafakitale ambiri amene anakopedwa kumeneko anadzatseka, anthu nkutsala opanda ntchito. Mu 2018 inakhazikitsidwa kukhala dera lapadera la mafakitale a zipangizo zosawononga chilengedwe, ndipo kuli kale fakitale yopanga nsanja za makina a mphepo. Chimene tiziyang'ana ndi chakuti achinyamata a ku Atlantis angopatsidwa zokumba maenje miyezi yochepa, kapena ena atuluka ndi mapepala a umisiri oti adzadyere moyo wonse.

Pa zamayendedwe, kampani ya mabasi ya Golden Arrow yaitanitsa mabasi a magetsi 120. Basi yotere imathandiza pomwepo pa utsi wa mumsewu, koma phindu lake lonse limadalira kuti ikutchajidwa ndi magetsi ochokera kuti.

Febuluwale 2025

Kuthimathima kunabweranso pa 31 Januwale patatha miyezi khumi, ndipo pa 23 mwezi uno tafikanso pa siteji 6 makina angapo a malasha atazima nthawi imodzi. Foni zayambanso kulira. Ku Muizenberg ntchito yayamba yochotsa chotchinga chakale cha matabwa pagombe nkuikapo masitepe a konkire okhoza kupirira mafunde amphamvu.

Pa mafunso atatu aja, pano tili apa. Mamegawati olowa m'mawaya ndi a padenga la anthu ndi mabizinesi. A khonsolo eniake akumangidwa ku Atlantis. Kugombe ntchito ikuyenda, ya khoma ndi ya mchenga yomwe. Funso lachitatu ndi limene latsalira kutali, ndipo palibe tenda ya mamegawati imene idzaliyankhe yokha.

Bajeti yoyerekeza ya khonsolo imaperekedwa kumapeto kwa Malichi, anthu nkupatsidwa mpata wopereka maganizo isanavomerezedwe kuti iyambe pa 1 Julayi. Tagwirizana kuti chaka chino tilembe maganizo athu monga gulu. Tipempha kuti anthu okhala kuseri kwa nyumba, kuphatikizapo pa malo a eni ake, apezeredwe njira yokhala ndi mita yawoyawo kuti mayuniti aulere awafike. Tipempha kuti ntchito ya mtundu wa Kuyasa, ya siling'i ndi magiza a dzuwa, ibwerere ndi ndalama zake zolembedwa mu bajeti. Tipemphanso kuti khonsolo izitulutsa chaka ndi chaka chiwerengero cha mamegawati olumikizidwa ndi madera amene ali, kuti aliyense azitha kudziwonera yekha. Amene muli ndi zithunzi za zingwe zogawana magetsi, zopanda nkhope za anthu kapena manambala a nyumba, bweretsani pa msonkhano wathu wotsatira kuti tiziphatikize ku kalatayo.